Chofunda cha Zigamba Pageti la Ndende

Asimbi anayamba kusoka zigamba chifukwa ikakwana folo koloko manja awo ankasowa chogwira. Pakampani yochapa zovala pamene anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu, gawo lawo linali kusita basi. Dzinalo linachokera pamenepo, ndipo linamera mizu mpaka la makolo linaiwalika. Kuyambira m'mawa simbi ili m'manja, nthunzi ili kumaso, malaya a eni ake akubwera makwinya okhaokha n'kumachoka ali see. Mutu sunkapeza mpata woganiza. Koma akangozimitsa simbi n'kutulukira khomo la kuseri, maganizo ankawadikira pomwepo ngati galu wanjala, n'kuwaperekeza mpaka kunyumba.

Maganizo akewo anali amodzimodzi. Mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo, dalaivala wa lole yonyamula matabwa, anali kundende. Anamwa mowa dzuwa likuswa mtengo, n'kukwera lole, n'kugunda bambo wina wapanjinga pamphambano, bamboyo n'kufera pomwepo. Anamugamula zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lachigamulolo, apolisi akumutulutsa m'khoti, iye anacheuka n'kuitana kuti, "Amayi!" Pakhonde paja panali mkazi wa malemu, atakhala pansi, khanda lili pamwendo, osalira n'komwe, akungoyang'ana khoma. Asimbi anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana mwana wawo, pakamwa n'kutseguka pokha.

"Amayi ako ndani? Ine chidakwa chopha anthu sindinabale."

Ananena mokweza ndithu, anthu onse anamva, ngakhale wapolisi anagwetsa nkhope. Mwanayo sanaitanenso.

Madzi akatayika saoleka, izo amadziwa aliyense. Koma munthu wina akanangopita, n'kukati pepa mwana wanga, ndinalankhula mtima uli m'mwamba. Asimbi ayi. Kupepesa ndi pakamwa sanakuphunzire chibadwire. Amuna awo anachita kulowa m'manda asanamvepo mawu amenewo. Kuntchito onse ankadziwa: Asimbi akakulakwira, mawa lake upeza yunifomu yako yasitidwa, yakolekedwa pamsomali, batani lothothoka lija labwerera m'malo. Pepani wawo anali ameneyo. Nanga munthu wa kundende umusitira chiyani?

Mpongozi wawo, mtsikana wofatsa wogwira ntchito kubekale, ankapita kukamuona mwamuna wake Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, chifukwa tsiku lololedwa linali limenelo basi. Nthawi zonse ankadzera kaye kwa Asimbi.

"Amayi, tiyeni lero."

"Mwendo uwu, mwana wanga. Wandigwira kuyambira dzulo."

Mwezi wina unali mwendo, mwezi wina msana, mwezi wina ntchito yochuluka. Mpongoziyo ankangoti chabwino, n'kunyamula chikwama chake.

Zosoka zigamba anawabweretsera ndi Anamwino, mayi wopuma pantchito yachipatala, wamawu ngati wailesi, amene tsiku lina anabwera kudzachapitsa chofunda cholemera cha tizidutswa tansalu tamitundumitundu. Asimbi atachiyala patebulo lositira anaiwala simbi. Anayendetsa chala m'misoko yake, anachitembenuza, anachiyang'ana kunsi.

"Mwachita kugula kuti chimenechi?"

"Kugula? Mukundinyoza. Manja awa. Bwerani Lachitatu kwa Atelala, kuseri kwa shopu, mudzaone."

Kuseriko kunali kachipinda kawindo limodzi, tebulo lalitali pakati, makina akale pakona, ndi matumba atatu a zidutswa zimene Atelala ankatsala nazo akadula masuti ndi madiresi a anthu. Atelala eni ake sankalowamo, ankati phokoso la amayi limawakhotetsera msoko. Amayiwo anali anayi, aliyense ndi chake chomubweretsa. Wina wogulitsa mazira ankathawa amuna awo amene chipumireni pantchito anasanduka kapitawo wa mapoto. Wina anauzidwa ndi dokotala kuti apeze chochita ndi manja m'malo momangodya. Anamwino chifukwa chawo ankachinena kwa aliyense wofika kumene.

"Ine ndasoka anthu zaka makumi atatu, onse akukuwa, ena akunditukwanira makolo. Nsalu sikuwa. Nanga inu mwadzera chiyani?"

"Kuona chabe," anatero Asimbi.

Kuona chabe kuja! Pasanathe mwezi anali akufika woyamba n'kutuluka womaliza. Anaphunzira kudula zigamba poyezera kakatoni kuti zonse zifanane. Anaphunzira kuzilumikiza ziwiriziwiri, kenako mizere, kenako mizereyo n'kukhala nsalu imodzi. Posita misoko kuti igone, apo panalibe wowaphunzitsa, onse ankabweretsa zawo kwa iwo. Chimene chinawakoka mtima kwenikweni chinali chomaliza chija: kuyala nsalu yakunsi, kuyala thonje pamwamba pake, kuyala zigamba pamwamba pa thonje, ndiye n'kumabaya zitatu zonsezo pamodzi ndi singano, pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Singano ikamalowa ndi kutuluka, mutu unkati zii. Aka kanali koyamba chichokereni kukhoti kuti akhale pansi ola lathunthu osamva mawu aja akubwerera m'makutu.

Anamwino anali ndi lamulo limodzi, ndipo ankayenda nalo mozungulira tebulo ngati akuyendera odwala. "Pakati pa mzere ndi mzere pasalowe zala zitatu. Ziwiri basi. Mukatalikitsa, tsiku lochapa thonje lidzathawira kumakona, mudzafunda mabumabuma." Asimbi, pokhala munthu wosafuna kunenedwa, ankasiya mpata wa chala chimodzi.

Nyengo yozizira itayamba, mpongozi uja anabwera kuchokera kundende nkhope itagwa.

"Akutsokomola, amayi. Akuti amagona pasimenti, bulangete ndi limodzi, lopyapyala. Anafunsanso za inu."

"Anati chiyani?"

"Anangoti amayi ali bwanji. Ndinati ali bwino, mwendo chabe."

Mpongoziyo atangotuluka, Asimbi anakoka sutikesi imene inali kunsi kwa bedi, mmene munali zovala za mwana uja. Anatulutsa ovolosi yabuluu ya kuntchito, malaya oyera a kusukulu amene anasunga okha osadziwa chifukwa chake, ndi jekete yamizeremizere imene anavala paukwati. Anatsegula kabati yawo n'kutulutsa diresi lachikasu limene iwo anavala paukwati womwewo, ndi thalauzi limodzi la malemu amuna awo. Sizasi italowa mu ovolosi muja mtima unawawa, koma anapitiriza. Anali atapeza pepani wawo.

Sanauze munthu. Kwa Atelala atafunsidwa kuti chofunda chachikulu chonchi n'cha ndani, anati n'cha alendo. Mpongozi akamabwera ankachipinda msangamsanga n'kuchiponya m'kabati. Ankafuna chikafike chokha, chikalankhule chokha, popanda wina wochitsogolera ndi mawu. Safunsa anadya phula, abale. Mpongoziyo, amene ankadziwa za pageti la ndende ngati za m'khitchini mwake, akanangowauza ndi mawu awiri.

"Amayi, mwendo uli bwanji mwezi uno?"

"Ndipita, mwana wanga. Ndikamaliza."

"Mukamaliza chiyani?"

"Zina ndi zina."

Kuzizira kunabwera n'kupita chofunda chisanathe. Kunatentha, mvula inagwa n'kusiya. Anamwino anachiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti, "Ichi chatha kalekale, pindani m'mphepete muchotse patebulo, ena ayalepo zawo." Asimbi anati ayi, pakona apa pakuoneka polekera. Anawonjezera mizere pakona. Kenako anaona kuti pakati sipakufanana ndi pakona, n'kuwonjezeranso pakati. Kunena zoona, ankaopa kuchimaliza. Chikatha, ulendo unali woti ayende. Chinadzatha chifukwa panalibenso poti singano ibaye.

Mwezi umene kuzizira kunayambiranso, mpongozi anabwera Lachisanu madzulo ndi nkhani yoti kubekale amukaniza tchuthi, ndiye mawa sapita. "Akhala osaonedwa mwezi uno," anatero, maso ali pansi, osapempha kanthu. M'mawa mwake Asimbi anasita chofunda chija mbali zonse ziwiri, anachipinda kanayi, anachiika m'thumba lalikulu lapulasitiki, n'kukwera basi ya maola awiri.

Kunja kwa geti kunali chisakasa chamalata, mabenchi anayi, ndi tebulo lachitsulo pamene asilikali a ndende ankasecha katundu. Anthu anali pamzere ndi zikwama zawo. Msilikali wamwamuna ankalemba mayina m'buku, n'kumatumiza kapepala m'kati kuti mkaidi aitanidwe. Anafunsa Asimbi kuti munthuyo ndi ndani wawo.

"Mwana wanga," anatero, motsitsa kwambiri moti anachita kubwerezetsedwa.

Wosecha anali msilikali wamkazi wa msinkhu wa mpongozi wawo, wamanja achangu. Sopo ankamudula pakati, buledi ankamubaya ndi waya, mafuta odzola ankawavundula ndi kamtengo. Atafika pa thumba la Asimbi anatulutsa chofunda n'kuchiyala patebulo, chinasefukira mbali zonse. Amayi a pamzere anatalikitsa makosi. Wina anati koma ndiye pali anthu odziwa kusoka. Msilikaliyo anachisisita ndi chikhatho, anachifinya pakona, anachikweza kuloza kudzuwa, n'kuusa moyo.

"Mayi, n'chokongola zedi. Koma sichilowa."

"Mwati bwanji?"

"Chofunda chimalowa cha nsalu imodzi, choti ndikachiunika padzuwa ndione mbali inayo. Ichi chili ndi m'kati. M'kati ngati umu anthu amabisamo malezala, mapiritsi, zambirimbiri."

"Ine ndi imvi zangazi ndibise lezala?"

"Sindikunena inu, mayi. Ndi lamulo."

"Ng'ambani pakona muone. Ndi thonje lokhalokha."

"Ndikang'amba pakona ndiona pakona pokha. Mwasoka paliponse, ngakhale chala sichingalowe. Ndisecha bwanji?" Anachipinda bwinobwino, mwaulemu ndithu, n'kuchikankhira kwa iwo. "Chisiyeni pansi pa tebulo pano, palibe achigwire. Lowani mukamuone, amuitana kale. Potuluka muchitenga. Nthawi ndi ola limodzi, belu likalira basi."

Asimbi anayang'ana chitseko chaching'ono chobiriwira chimene anthu ankalowerapo mmodzimmodzi. Chinali pafupi, mapazi khumi osakwana. Anayesa kudziona akulowa, manja ali lende, n'kukhala moyang'anizana ndi mwana uja. Ndiye anene chiyani? Ayambire pati? Chaka chonse anali atakonza ulendowu m'mutu mwawo, ndipo paliponse chofunda ndiye chinkatsogola. Iwo ankangoti achiike patebulo, iye aone ovolosi yake, aone diresi lachikasu, amvetse yekha. Popanda chofundacho analibe ndi liwu limodzi lomwe. Anachita mantha.

"Nanga chitakhala nsalu imodzi?"

"Chingalowe."

Anapisa m'kachikwama kawo n'kutulutsa kasizasi kodulira ulusi.

"Mayi, simumaliza," anatero msilikaliyo. "Lowani kaye."

"Manja awa simukuwadziwa. Ndipatseni mphindi khumi."

Anakhala kumapeto kwa benchi, chofunda chili pamiyendo chadodolido, n'kuyamba ndi m'mphepete. Mpindiro unachoka mosavuta, mtima n'kukhala pansi pang'ono. Kenako anakweza nsalu yakunsi, n'kulowetsa kasizasi pakati pa thonje ndi zigamba kuti azidula ulusi umene unagwira zitatuzo. Apa ndiye anakumana ndi ntchito ya manja awo omwe. Mzere uliwonse unali wolimba ngati wa makina. Akadula kamodzi, pankamasuka malo a chikhadabo. Anatukwana Anamwino chamumtima ndi zala zawo ziwiri zija, kenako anakumbukira kuti iwo ankasiya chimodzi.

Mzere wa anthu unafupika mpaka unatha. Chitseko chobiriwira chinkatseguka ndi kutsekeka. Thonje linkauluka n'kumawakakamira patsitsi ndi pamalaya, lina mphepo inkalitengera kuwaya wa mpanda. Bambo wina wachikulire amene anachedwa kufika anaima n'kufunsa ngati mayiwa ali bwinobwino, msilikali anangomukodola kuti alowe.

"Mayi, theka la ola lapita."

"Ndatsala pang'ono."

Anali asanafike ndi pakati pomwe. Anasiya zosamala. Nsalu yakunsi anayamba kuing'amba ndi manja, khwee, khwee, n'kumazula thonje ndi zikhadabo. Pachigamba cha malaya a kusukulu, nsalu yake pokhala yakale, sizasi inapyola n'kusiya chibowo cholowa chala chachikulu. Anachiyang'ana chibowocho, misozi n'kuyamba, koma manja sanaime. Chala chamkombaphala chinatupa pamene chitsulo chinkakhula.

Msilikali uja anachoka patebulo n'kudzaima pafupi nawo. Analankhula motsitsa, ngati mwana kwa kholo lake.

"Amayi, ndikukupemphani. Munthu wanu ali pabenchi m'katimo. Zatsala mphindi khumi ndi zisanu. Siyani ichi, ndikusungirani ine."

Asimbi anamva bwinobwino. Ankadziwanso bwinobwino chimene ankachita, asanamizire kusadziwa. Mwendo umodzi unasuntha kufuna kudzuka. Koma maso anagwera pachofunda, theka lomasuka, theka logwirana, chinthu chosaoneka mutu wake, n'kuganiza kuti kulowa tsopano ndiye kulowa opanda chilichonse, ngakhale chimene anabwera nacho atachiwononga. Anaweramanso.

"Pang'ono pokha, mwana wanga."

Belu litalira anadziuza kuti mwina ndi belu la zina. Anthu anayamba kutuluka pachitseko chija, ena akupukuta m'maso, ena akuseka, zikwama zili zopepuka. Anawadutsa n'kumapita kokwerera basi. Asimbi anadula ulusi womaliza chisakasa chili mbee, anakutumula nsaluyo n'kuthamangira nayo kutebulo, mwendo uja osaukumbukira n'komwe.

"Ndamaliza. Onani, ndi imodzi."

Msilikali anailandira n'kuikweza kudzuwa. Kuwala kunapyola paliponse, m'buluu, m'chikasu, ndi pachibowo paja. Kunsi kwake kunali misoko yosabisika ndi timaulusi tolendewera ngati ndevu. Pamene inkachoka m'manja mwawo m'pamene Asimbi anamva kupepuka kwake. Inali ngati nsalu yoyala patebulo. Munthu wogona pasimenti sikanamuthandiza kanthu.

"Iyi ilowa," anatero msilikali. "Koma inu nthawi yatha."

"Mphindi imodzi yokha. Ndingomuona nkhope."

"Akaidi abwerera kale, akuwerengedwa. Ngakhale abwana sangatsegule."

"Ndachokera kutali, mwana wanga."

"Ndikudziwa, amayi. Ndinakuuzani katatu."

Panalibe chokana pamenepo. Msilikaliyo anawayang'ana kanthawi, kenako anapinda nsalu ija n'kuikolekera pamkono. Anati adikire pomwepo, akaipereka yekha m'manja mwa mwini wake, ngakhale kuti si ntchito yake.

Asimbi anabwerera pabenchi. Posowa chochita anayamba kutola thonje limene linamwazika pansi, n'kumaliika m'thumba lapulasitiki lija pamodzi ndi nsanza za nsalu yakunsi. Anatola lonse, ndi la kunsi kwa mabenchi lomwe. Msilikali wamwamuna uja anatseka buku lake n'kulowa nalo m'kati. Dzuwa linafika pamutu, malata akuthetheka, koma iwo ankamva kuzizira.

Patapita nthawi chitseko chobiriwira chinatseguka, msilikali wamkazi n'kutuluka wopanda kanthu pamkono. Asimbi anaimirira.

"Walandira?"

"Walandira."

"Wachitambasula? Waona?"

"Wachitambasula." Msilikaliyo anakhala ngati akusankha mawu. "Mnzanga wa m'chipinda chochezeramo akuti atamuuza kuti abwera ndi mayi ako, anakana, anati mwalakwitsa munthu. Anachita kumuonetsa kapepala. Ndiye anapempha kuti akasambe kumaso kaye. Wakhala pabenchi ola lonse. Chitseko chikatseguka amaimirira."

Asimbi anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Wanena chiyani? Za chofundacho?"

"Za chofunda sananene kanthu. Wandifunsa kuti munali kuti nthawi yonseyi, ndamuuza zoona, kuti munali panja pano mukumasula ulusi. Kenako wati ndikuuzeni kuti mwezi wamawa mubwere chimanjamanja. Wati ngati simungathe kutero, musavutike n'kubwera."

"Chimanjamanja," anatero Asimbi.

"Eya, amayi."

Asimbi anaima pomwepo, thumba la thonje lili m'manja. Kumsewu basi inaliza hutala, kondakitala akukuwa kuti ndi yomaliza yamasana. Asimbi anafunsa kuti Loweruka loyamba la mwezi wamawa likhala pa deti yanji. Msilikali anawauza. Anayenda mapazi angapo, n'kubwerera, n'kufunsanso kachiwiri.